Sindinatsike pa Masamba a Maliro

Ndinapalasa kabaza pa Boma la Mzimba zaka zoposa makumi awiri. Ndisanayambe kunyamula anthu ndinkanyamula makala ndi chimanga pa njinga yomweyo. Miyendo yanga imadziwa chitunda chilichonse kuchokera pa Boma mpaka ku Embangweni. Sindinagwetsepo munthu amene ndinamunyamula. Zimenezi ndazinena poyamba kuti zimveke.

Siteji yathu ili pafupi ndi msika, pansi pa mtengo. Aliyense wa pasitejipo amavala jekete yonyezimira yolembedwa nambala kumsana. Wopanda jekete sanyamula munthu pamenepo. Akayesa, anyamata amamuphwetsera matayala. Akachita makani amamuphwanya pakamwa. Lamulo limeneli ndinaliika nawo ine ndemwe siteji ikuyamba.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi. Mutu unali utayera. Amayi otuluka mumsika ndi madengu anayamba kundilambalala. Ankandipatsa moni mwaulemu, kenako n'kukwera njinga ya mnyamata wa pambali panga. Ndinkaona zonsezi.

Tcheyamani wa siteji anali wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anali wamfupi, wa khosi ngati ng'ombe ya pangolo, ndipo pa njinga anali wamphamvu, zimenezo sindingamumane. Anali ndi mlamu wake amene ankafuna malo, koma majekete anali atatha. Tsiku lina m'mawa anaitana msonkhano, nayima pamuzu wa mtengo kuti atalikeko.

"Madala, mwagwira ntchito," anatero. "Yewo chomene. Chaka chino chikatha mutisiyire jeketeyo, mukapume."

"Ndakuuza kuti ndatopa?"

"Simunanene. Koma njinga yanu ikunena. Ikulira ngati chitseko cha nkhokwe."

Anyamata anaseka. Wina anachita kugona pachishalo ndi phwete.

"Iwe ukuyamwa, ine ndinali nditatha kale matayala khumi," ndinatero. "Bwera udzaivule wekha ngati uli mwamuna."

Sanabwere. Anali wochenjera. Chaka chimenecho anthu ena okonda njinga ochokera m'mizinda anagwirizana ndi amalonda a pamsika kuti pakhale mipikisano itatu, iwiri ya pa tala ndi umodzi wa m'fumbi. Akabaza analoledwa kulowa nawo, ndipo tcheyamani anali atalembetsa kale.

"Chabwino, madala," anatero. "Mipikisano ilipo itatu. Sindikuti mupambane, ayi. Mungofika patsogolo pa ine kamodzi kokha. Kamodzi! Mukatero jeketeyo ndi yanu, tidzakuikani nayo m'manda. Mukalephera konse katatu, muvula nokha."

Ndinayang'ana anyamata onse.

"Mwamva?"

"Tamva!"

Mbwenu nkhani inathera pomwepo.

Njinga yanga ya kabaza ndi yakuda, yachitsulo, yokhala ndi kaliyala wa khushoni. Siingathamange ndi njinga za mpikisano. Ndinapita kwa wamalonda wina wa mumsika, Msilamu, wogulitsa njinga za kaunjika ndi zitsulo zake. Katundu wake ndinkamunyamulira kuchokera ku depoti zaka zambiri ndipo sanasowepo ngakhale nati imodzi. Anandibwereka njinga ziwiri. Ina inali ya pa tala, ya matayala owonda ngati chala, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Ina inali ya matayala onenepa a mano, ija amati maunteni.

"Adada, izi si za makala," anatero. "Mukaipinda imodzi musabwere nayo kuno. Mungopitirira ulendo wa ku Zambia."

Ya pa tala ija ndinainyamula ndi zala ziwiri. Ndinaiderera. Tsiku loyamba lomwelo inandiphunzitsa ulemu. Mabuleki a kabaza amafuna dzanja lonse, umachita kufinya ngati ukukama ng'ombe youma. Ndikutsika chitunda cha kumlatho mbuzi inadumphira mumsewu, ine n'kufinya buleki yakutsogolo monga ndinazolowera. Njinga inaima nji. Ine sindinaime. Ndinadutsa pamwamba pa mahandulo, n'kukwekwereza nkhope pa tala. Khungu la patsaya ndi la m'manja linatsala pamsewu. Ndinadzuka, ndinayang'ana kaye njinga ya eni ake, kenako ndinatsuka magazi mumtsinje n'kukweranso.

Kuyambira m'mwezi wa Meyi ndinkadzuka tambala wachiwiri atalira. Ndinkakwera msewu wa tala wopita kumphambano ya msewu waukulu, kubwerera, kukweranso. Kuzizira kwa kuno kumaluma zala mpaka osamva kuti wagwira chitsulo. Dzuwa likatuluka ndinkasiya njinga yopepuka, kutenga kabaza, kuvala jekete, kupita ku siteji. Lamulungu ndikachoka ku tchalitchi ndinkamanga thumba la mchenga pa kaliyala n'kulowera njira zam'midzi. Chakudya changa chinali mbatata yootcha, nthochi ndi botolo la chindongwa, thobwa la kuno. Usiku miyendo inkakokana, ndinkaluma bulangete. Sindinauze munthu.

Lamulungu lina, ndili ndi thumba langa la mchenga, ndinapeza masamba pamsewu. Kuno munthu akamwalira amathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala modutsa msewu malo awiri, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba ya maliro. Wagalimoto amachepetsa liwiro ndi kuzimitsa wailesi. Wanjinga amatsika, amavula chipewa, amakankha njinga mpaka atadutsa masamba achiwiri. Palibe analemba zimenezi m'buku. Ngakhale mwana amazidziwa. Ndinatsika, ndinavula kapusi, ndinakankha.

Mwambo umenewu ndimaudziwa kuposa anthu ambiri. Mkazi wanga atamwalira, bokosi lidakali m'nyumba, mnyamata wina wogulitsa usipa anadutsa pamasamba athu ali chikwerere, akuliza belu. Ndinali nditakhala ndi amuna pansi pa mtengo. Ndinadzuka, ndinatola mpini wa khasu umene okumba manda anausiya pakhonde, ndinamuthamangira. Ndinamupeza pamchenga pamene njinga inamuvuta. Kamodzi kumsana, kachiwiri pamkono. Mkono unalira ngati nkhuni youma. Usipa unamwazika mumsewu, nkhuku zinadya mpaka madzulo. Palibe anandigwira. Palibe anandidzudzula. Ine sindinadandaulepo.

Mpikisano woyamba unachitika mu Juni, pa tala, kupita kumphambano ndi kubwerera. Alendo a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe anabwera ndi zipewa zolimba ndi zovala zothina ngati khungu la njoka. Ife akabaza tinaima kumbuyo, mathalauzi titawalowetsa m'masokosi. Mluzu utalira alendo aja anapita ngati mbalame. Ine ndinalibe nawo ntchito. Maso anga anali pakhosi la munthu mmodzi.

Pokwera ndinali naye limodzi. Ankapuma ngati mvukuto, ine ndinkapumira m'mphuno kuti asamve. Titatembenuka pamphambano tinayamba kutsika, tili gulu la anthu asanu ndi awiri, mahandulo akukhudzana. Kupalasa mothinana chotero ndinali ndisanakuchitepo. Ndinaona mpata kumanzere, kumphepete kwa tala, ndinalowamo. Tayala langa litangofanana ndi lake anatulutsa chigongono. Chinandipeza m'nthiti. Tayala lowonda lija linatsika pa tala n'kulowa m'miyala, ndipo miyala sikambirana ndi tayala lotero. Ndinagubuduzika mpaka mu ngalande, njinga ili pamwamba panga. Ndinalavula. M'malovu munali mano awiri.

Ndinawongola mahandulo pakati pa maondo n'kumaliza mpikisano. Ndinafika anthu akubalalika, malaya ali ofiira mpaka m'chiuno.

M'mawa mwake ndinapita ku siteji milomo ili ngati ya ng'ombe. Tcheyamani anali atakhala pa kaliyala wake akudya chigumu.

"Pepani, madala. Msewu uja ndi wopapatiza."

"Chigongono chako ndiye chotakata."

"Ah, inu mumafuna ndikuimbireni belu? Uja ndi mpikisano, si ulendo wa ku chigayo. Mano otsalawo muwasunge, chimanga chokazinga chikubwera."

Pampu inali m'dzanja langa. Ndinamumenya nayo pakhutu. Chigumu chinagwa. Anandilumphira, tinagwera pa njinga za anthu, zinagwa motsatizana mpaka kumapeto kwa mzere. Anandikhalira pachifuwa n'kundipatsa zibakera ziwiri pakamwa pomwe panali potupa kale. Ine ndinamugwira pakhosi, sindinasiye mpaka maso ake atatuluka. Anatilekanitsa amayi ogulitsa tomato, mmodzi anachita kutithira madzi a m'ndowa ngati agalu.

"Manyazi mulibe? Wina ndi mwana, wina ndi gogo!"

"Yatsala iwiri, madala," anatero tcheyamani akupukuta khutu.

"Ndimadziwa kuwerenga."

Pa mpikisano woyambawo ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaona alendo aja akubisalirana mphepo. Wina amatsogola, ena amamata kumbuyo kwake tayala ndi tayala, wotsogolayo n'kumatopa yekha. Ndinayamba kuyeserera zimenezi kumbuyo kwa mathirakitala ndi ngolo, ngakhale kumbuyo kwa minibasi ikamanyamuka. Kondakitala wina anandigenda ndi chitsononkho.

Wachiwiri unali mu Ogasiti, mwezi wa mphepo. Msewu womwewo. Kuyambira pa mluzu ndinamata kumbuyo kwa tcheyamani ngati nkhupakupa. Anazindikira msanga. Anakhotera uku ndi uku, ine ndili pomwepo. Anagwira buleki mwadzidzidzi kuti ndimugunde, ndinali nditaona dzanja lake. Anatembenuka n'kulavula, mphepo inabweretsa malovu kumaso kwanga. Sindinapukute.

"Tsogolani, madala! Mwakwatiwa ndi ine kodi?"

Mpweya ndinkausunga.

Titalowa mu Boma, chingwe chomalizira chikuoneka, anthu akukuwa mbali zonse, ndinatuluka kumbuyo kwake. Ndinaimirira pa mapedulo. Tinafanana. Ndinaona chigongono chake chikutukuka, ndipo ulendo uno sindinadikire. Ndinamugunda ndi phewa ndi thupi langa lonse. Mahandulo anakolana. Tinagwa tonse, tinatsetsereka pa tala ngati matumba ogwa mu lole. Bondo langa linamenya pansi poyamba. Iye khutu lomwe lija linang'ambika n'kulendewera. Anadzuka, ananyamula njinga paphewa, anathamanga wapansi. Inenso ndinadzuka, koma bondo linakana. Ndinakoka mwendo. Anadutsa chingwe ine nditatsala mtunda wa mpini wa khasu.

Uko kunali kulakwa kwanga. Ndikanapalasa chabe mwina ndikanamupitirira. Ndikulemba monga zinachitikira.

Bondo linatupa ngati dzungu. Masabata awiri ndinapalasa kabaza ndi mwendo umodzi, winawo ukungotsatira. Mlamu wa tcheyamani anayamba kubwera ku siteji kudzakhala pamuzu wa mtengo, akuyang'ana jekete yanga ngati galu woyang'ana fupa lili m'kamwa mwa mnzake.

Koma mtima wanga unali m'malo, chifukwa wotsalawo unali wa m'fumbi. Unali woyambira ku Embangweni, kudzera njira zam'midzi, kudzathera pa Boma. Tcheyamani ndi mwana wa pa tala. Ine njira zimenezo ndinazipalasa ndi matumba atatu a makala iye asanabadwe. Ndimadziwa pamene mchenga umameza tayala ndi pamene pali nthaka yolimba m'mphepete mwa udzu. Mwezi wonse wa Sepitembala ndinaupereka kwa maunteni. Ndinaphunzira magiya ake. Ndinaphunzira kuinyamula paphewa n'kuthamanga nayo. Minga inandiboolera machubu kosawerengeka, ndinamata zigamba pamwamba pa zigamba.

Tsikulo linafika mu Okutobala. Lole inatitenga pa Boma m'mamawa kukatitula ku Embangweni, pafupi ndi mishoni. Pofika nthawi yonyamuka dzuwa linali litayamba kale kuwotcha pamutu. Mkulu wokonza mpikisano, bambo wa mumzinda wovala magalasi akuda, anatiuza kuti pokhota aika mivi ya laimu, ndipo pamene pali timilatho tothyoka aikapo nthambi kuti tichenjere. Tinadutsadi nthambi zotero kawiri, pa timilatho tamitengo. Zinali zofota, zoponyedwa mbali imodzi.

Alendo a zipewa zolimba anasowa m'fumbi monga mwa masiku onse. Tcheyamani ananyamuka mwaukali kuti andithawe msanga. Ndinamusiya. Ndinkadziwa chimene chili kutsogolo. Pali mtsinje wina umene umauma m'chilimwe, n'kutsala mchenga wokhawokha wofika m'akakolo. Ndinamupeza ali pakati pake, akukakamira kupalasa, tayala lakumbuyo likungokumba dzenje. Ine ndinatsikiratu kumtunda, njinga paphewa, ndinadutsa chakumanja kumene kuli miyala.

"Ndikuimbire belu?" ndinatero pomudutsa.

Anatukwana. Sindilemba chimene ananena.

Kuchokera pamenepo ndinali patsogolo. Koma sanafe. Pa chitunda chilichonse ndinkamusiya, potsetsereka ankabweza chifukwa cha kulemera kwake. Tcheni chake chinali chouma, chinkalira, ndipo kulirako sikunachoke m'makutu mwanga. Bondo linayamba kubaya. Madzi anatha. Lilime linali ngati chikopa. Ndinkadziuza kuti zitunda zatsala zitatu, zatsala ziwiri. Jekete ndinkaimva kumsana ngakhale ndinaisiya kunyumba.

Kenako njira inatsetserekera m'mudzi wina wa mitengo ya mango. Ndinawaona ndili patali. Masamba aawisi, oyalidwa bwino kuchokera mbali ina ya msewu kufika mbali inayo. Panalibe mlatho pamenepo. Ndinamva nyimbo ya amayi. Ndinaona amuna pansi pa mtengo, ndipo ambiri anali ataimirira, chifukwa alendo aja anali atadutsa kale pamenepo ali chikwerere, fumbi lawo n'kugwera pa anamfedwa. Masamba achiwiri anali kutali, kuseri kwa nyumba zisanu kapena zisanu ndi imodzi.

Zala zanga zinapita zokha pa buleki. Ndiye ndinamva tcheni chija kumbuyo.

Ndinaganiza chinthu chimodzi: uyu satsika. Munthu wogwetsa nkhalamba mu ngalande, wolavulira mkulu kumaso, angatsikire maliro a munthu wosamudziwa? Ine ndikatsika andidutsa ngati mphepo, ndipo sindidzamupezanso. Ndinachotsa zala pa buleki. Ndinaweramitsa mutu. Masamba analira pansi pa matayala anga.

"Khirani! Khirani, imwe! Nyifwa iyi!"

Ankandiuza kuti nditsike, pano pali maliro. Ndinamva bwinobwino. Ndi chiyankhulo cha amayi anga.

Mwala woyamba unandipeza kumsana. Wachiwiri unalira pa felemu. Ndinapalasabe. Ndinadutsa nyumba ya maliro, ndinaona amayi atakhala pakhonde, nyimbo inaduka. Masamba achiwiri anali pafupi. Pamenepo mnyamata wina wamtali, miyendo ili yofiira ndi dothi la kumanda, anatulukira kuseri kwa nkhokwe. Sanandimenye ine. Anaponya mpini wa khasu m'masipoko a kutsogolo.

Ndinamva masipoko akuduka motsatizana. Kenako kumwamba kunali pansi. Ndinagwera phewa lamanja, ndipo fupa la pamwamba pa chifuwa linathyoka, ndinalimva ngati phesi la chinangwa. Ndisanapume anali atandizinga. Chidendene m'mimba. Mpini m'nthiti, kawiri, katatu. Wina anandiponda dzanja. Wina anandikankhira nkhope mumchenga mpaka unadzaza m'kamwa, m'malo mwa mano aja. Ena anali pa njinga, akuidumphira, limu linapindika ngati mkombero wa lichero lakale.

"Mukutiyesa agalu? Mukuyesa tikuika galu pano?"

"Anzako atithawa, iwe ulipira onse!"

"Thyola miyendo! Thyola miyendo yomwe akunyadirayo!"

Sindinakuwe. Ndinaphimba mutu ndi dzanja lotsalalo. Ndipo ndili pansipo, pakati pa miyendo yawo, ndinaona kumtunda kwa msewu.

Tcheyamani anafika pa masamba oyamba. Anagwira mabuleki. Anatsika. Anavula kapusi n'kuipana m'khwapa. Anayamba kukankha njinga pang'onopang'ono, atawerama pang'ono, monga amachitira munthu woleredwa. Podutsa amuna a pansi pa mtengo anati, "Phepani, ŵadada, phepani." Podutsa amayi anatero kachiwiri. Atafika pamene ndinagona anandiyang'ana kamodzi. Sanaseke. Anakankha mpaka kudutsa masamba achiwiri, anavala kapusi, anakwera, anapita. Sanafulumire n'komwe.

Chimenecho chinandipweteka kuposa mpini.

Wina anandivula kapusi kuti andimenye bwino kumutu, ndipo anaona imvi.

"Ah! Ndi munthu wamkulu uyu!"

Manja anaima. Panabwera bambo wina wachikulire, wa msinkhu wanga, atavala jekete yakuda yothina m'mapewa. Anthu anamupatsa njira. Ndinamva pambuyo pake kuti womwalirayo anali mkazi wake. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Anyamata adutsa aja tingati ndi alendo," anatero. "Nanga inu, adada, imvi zonsezi? Mukuthamangira kuti?"

"Ku Boma."

"Kuli chiyani ku Boma?"



Anandikokera pansi pa mtengo, kumapeto kwa amuna. Mayi wina anabweretsa chitenje chakale, anandimangira mkono pachifuwa, osandiyang'ana kumaso. Wina anandipatsa madzi. Okwera njinga otsalira ankafika mmodzimmodzi, ndipo poona njinga yopindika ili pakati pa msewu onse ankatsikira kutali.

Patapita nthawi inafika galimoto ya okonza mpikisano. Mkulu wa magalasi akuda uja anatsika akukalipa, akunena za apolisi. Anyamata a kumanda anayambanso kutola mipini. Ataona zimenezo anatsitsa mawu, anavula magalasi, anayesa njira ina.

"Makolo anga, pepani. Kulakwa ndi kwathu. Ife taika nthambi m'njira monse pa milatho yoipa. Bambowa asokonezeka, amayesa ndi nthambi zathu. Taonani msinkhu wawo. Munthu wotere angadutse pamaliro dala?"

Amuna anayamba kung'ung'udza. Ena anagwedeza mitu kuvomereza. Mnyamata wa mpini uja anayang'ana pansi. Ndinaona kuti nkhani ikutembenuka: ine ndikhala nkhalamba yosokonezeka imene yamenyedwa popanda chifukwa, iwo akhala olakwa pa maliro a mayi wawo.

Mwini maliro anatembenukira kwa ine.

"N'zoona, adada? Simunadziwe?"

Mkulu wa mpikisano ankandiphethira diso.

"Ndinadziwa," ndinatero. "Ndinaona masamba. Ndinamva nyimbo. Ndinamva akundiuza kuti nditsike."

Mkulu uja anavalanso magalasi ake.

"Kwerani galimoto mupite kuchipatala," anatero mwini maliro.

"Ndipita tikaika."

Ndinakhala. Ndinayenda nawo kumanda kumbuyo kwa onse, mpweya uliwonse ukubaya m'nthiti. Ndinaponya dothi ndi dzanja lamanzere. Madzulo ngolo ya m'mudzimo inanditengera kumsewu waukulu pamodzi ndi njinga. Kuchipatala anapeza fupa la phewa ndi nthiti zitatu zitathyoka. Nditatuluka ndinabwerera kumudzi kuja ndi tambala, ndinapepesa pamaso pa akuluakulu. Analandira.

Njinga ndinaibweza kwa mwini wake ndikuikoka. Anaizungulira kawiri, akugwira ndevu.

"Adada, Zambia inali pafupi kuchokera kumeneko. Bwanji simunangopita?"

Ndinaitenganso, ndinailuka masipoko atsopano ndi dzanja limodzi ndi mano otsala, ndinawongola limu, ndinamubwezera ikuyenda.

Ku siteji ndinapita mkono udakali m'nsalu. Jekete ndinaipinda bwino, ndinali nditaichapa dzulo lake. Anyamata atandiona analeka phokoso. Tcheyamani anatsika pa kaliyala wake. Khutu lake linali litapola mokhota.

"Madala, takambirana," anatero. "Mpikisano uja tisauwerenge. Unasokonekera. Munali patsogolo, aliyense akudziwa. Jeketeyo sungani."

"Unafika pa Boma?"

"Ndinafika."

"Ine ndinafika?"

"Ayi, koma..."

"Mbwenu."

Ndinamupatsa. Sanafune kulandira, ndinachita kumuika paphewa. Ndisanachoke ndinamufunsa chimene chinkandisowetsa tulo m'chipatala.

"Unatsikiranji? Unaona akundimenya, ukaopa?"

Anandiyang'ana ngati ndamufunsa chifukwa chake amadya ndi dzanja lamanja.

"Ndinatsika ndisanakuoneni, madala. Panali masamba."

Jekete ija akuvala mlamu wake. Ndi yaikulu kwa iye, imalendewera m'mapewa. Ine masiku ano ndimakonza njinga pakhomo panga, m'mphepete mwa msewu. Mkono wamanja sukwera kupitirira phewa, ndipo kukazizira fupa limandikumbutsa. Anyamata a pasiteji amabwera kudzalukitsa masipoko, tcheyamani nayenso amabwera. Tcheni chake ndimachithira oilo ngakhale asanapemphe, chifukwa kulira kwake sindifuna kukumvanso.

Mnyamata wa usipa uja ndimamukumbukira. Anayenera kumenyedwa, ndipo maganizo amenewo sindinasinthe. Inenso ndinayenera. Koma ine mwini maliro anandifunsa kumene ndinkathamangira. Mnyamata uja ine sindinamufunse.